"Ndinangomusungitsa": nyumba za makolo athu okalamba ndi tanthauzo la mawu akuti mwini

 Nkhani yanga lero yatalikirapo, choncho mundilezere mtima. Ikukhudza nyumba ndi malo a makolo athu okalamba, ndipo ndiyambira pa zimene zinagwa m'banja mwathu, pakuti ndi pomwe ndinatsegukira maso.

Agogo anga aakazi, obereka mayi anga, anakhala zaka zoposa 40 m'nyumba imodzi ku Ndirande. Malowo anawapeza pamodzi ndi agogo aamuna, namangapo nyumba ya zipinda zitatu, kenaka tizipinda tinayi ta lendi kuseri kwake. Agogo aamuna atamwalira, dzina la pa mapepala linasinthidwa kukhala la agogo aakazi, ndipo ndalama ya lendi ija ndi imene inkawagulira ufa, sopo ndi mankhwala. Tsiku lina amalume, mwana wawo wachisamba, anafika ndi mapepala m'manja. Anati, "Amayi, mwaona m'mene anthu akukanganirana pa maliro masiku ano. Tiyeni tisinthiretu dzina la nyumbayi mukadali moyo, kuti mukadzatisiya pasadzakhale phokoso." Agogo anaona kuti mwana walankhula zanzeru. Mapepalawo anali a m'Chingerezi, ndipo wowamasulira anali amalume omwewo. Agogo anadinda chala.

Patapita zaka ziwiri, amalume anaika nyumbayo ngati chikole pa ngongole yogulira minibasi. Minibasi sinayende monga ankaganizira, ngongole inakwera, ndipo obwereketsa ndalama aja anagulitsa nyumba. Agogo anatsirizira masiku awo m'kachipinda ka kwa mayi anga, katundu wawo ali m'matumba pansi pa bedi. Madzulo ena ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti, "Agogo, nanga nyumba yanu munaperekeranji?" Anandiyang'ana modabwa nati, "Iwe, wakuuza ndani kuti ndinapereka? Ine ndinangomusungitsa."

Sindinalembe izi kuti ndinyoze amalume. Sanali mbala, ndipo ndikhulupirira kuti tsiku limene ankabweretsa mapepala aja analibe maganizo ogulitsa kanthu. Chimene chinachitika n'chakuti anthu awiri anakhala pa mphasa imodzi, nagwirizana pa mawu amodzi, koma pepala limene anasayina linkanena zina. Agogo ankalankhula za mwini wa kwathu, pomwe pepala linkanena za mwini wa m'malamulo, ndipo anthu awiriwa ndi osiyana kutalitali.

Taganizirani m'mene timagwiritsira ntchito mawu akuti mwini. Tili ndi mwini mudzi, mwini mbumba, mwini maliro, mwini mzinda. Mwini mbumba sangagulitse mbumba yake. Udindo wake ndi kuyang'anira alongo ake ndi ana awo, kuwayankhira pa mlandu, kuwaimira pa ukwati ndi pa zovuta. Mwini maliro ndiye amene anthu amam'funsa za mwambo wonse, ndipo palibe phindu limene amatengapo. M'chilankhulo chathu umwini wa zinthu zikuluzikulu ndi katundu amene munthu amasenza m'malo mwa anzake. Gogo akamva kuti mwana wake akhala mwini nyumba, amamva kuti mwanayo ndiye azikonza denga likadontha, azikalankhula ku khonsolo, aziteteza alongo ake. Sizimufikira m'maganizo kuti iye mwini wasanduka mlendo. Koma mwini wolembedwa pa chikalata cha malo ali ndi mphamvu yogulitsa, yopereka chikole, ngakhale yotulutsa aliyense wokhalamo, kuphatikizapo mayi wom'bereka.

Chimodzimodzinso ndi aneni athu. Timasiyanitsa kupatsa, kubwereka, kusungitsa, kugawira ndi kusiyira. Wosungitsa amayembekeza kudzatenga chake. Wosiyira amanena za nthawi imene iye sadzakhalapo. Wogawira amadziwa kuti ena alandiranso. Pepala losinthira umwini lili ndi mneni mmodzi yekha, ndipo mneniyo sabwerera m'mbuyo. Womasulira akakhala yemweyo wolandira nyumba, mosadziwa n'komwe amasankha mneni wofatsa kwambiri, uja amene sangadzidzimutse mayi ake.

Maganizo anga tsono ndi awa. Kholo lokalamba lisatulutse dzina lake pa nyumba imene likukhalamo kapena imene likudyerapo, ngakhale mwana wopemphayo akhale wabwino chotani. Njira yabwino ndiyo kukonza mapepala akhale olongosoka, kulemba wilo, ndi kunena poyera pamaso pa banja lonse zimene zalembedwazo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nyumba yolembedwa m'dzina la mwana ndi fodya wapachala. Mwanayo angamwalire kholo likadali moyo, nyumba n'kukhala chuma cha masiye cha mkazi wake ndi ana ake. Ukwati wake ungathe, nyumba n'kulowa pa mndandanda wa katundu wokagawidwa ku khoti. Angagwe m'ngongole monga anagwera amalume. Pa zonsezi palibe pofunika kuti mwanayo akhale woipa mtima.

Ndikudziwa zimene ena a inu muyankhe, ndipo yankho lanu lili ndi mutu. Mudzati anthu amasinthiratu dzina chifukwa anaona zimene zimachitika mwini nyumba akatsikira kumanda: abale a mwamuna kufika ndi galimoto maliro asanathe n'komwe, mkazi wamasiye kutsala ndi mphika umodzi, ana kuyenda zaka zambiri m'maofesi kufuna makalata oyendetsera chuma. Mantha amenewa ndi oona. Komabe tiyenera kudziwa kuti malamulo a m'maiko athu anasintha, ndipo anasinthira mbali ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana.

Ku Malawi, lamulo la chuma cha masiye la 2011 linalowa m'malo mwa lija la 1967. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, kenaka ena amene ankadalira womwalirayo. Ziwiya ndi katundu wa m'nyumba zimatsala ndi wamasiyeyo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene ungam'tengere munthu kundende zaka 10. Ku Zambia, lamulo la Intestate Succession Act la 1989 linaika magawo ake poyera: 50 peresenti ya ana, 20 peresenti ya mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 peresenti ya makolo a womwalirayo, ndi 10 peresenti ya ena omudalira. Nyumba imapita kwa wamasiye ndi ana, ndipo wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Ku South Africa, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2004, pa mlandu wa Bhe, kuti mwambo wopatsa chuma chonse kwa mwamuna wamkulu wa m'banja ukutsutsana ndi malamulowo. Malamulowa sanathetse nkhanza zonse, ndipo ambiri sawadziwa. Koma akutisonyeza kuti munthu safunika kudzivula nyumba ali moyo pofuna kuteteza ana ake. Akaonjezapo wilo yolembedwa bwino, chitetezocho chimakula.

Ena adzati wilo ndi chinthu chachilendo, ndipo kuilemba ndi kudziitanira imfa. Ine ndimaona kuti chachilendo ndi pepala lokha. Kuyambira kale munthu wamkulu akaona kuti mphamvu zikutha ankaitanitsa abale ake, kuphatikizapo mwini mbumba, n'kunena kuti munda wakudambo ulimidwe ndi uje, mbuzi zipite kwa uje, ana awa muwasunge motere. Mawu amenewo ankalemekezedwa chifukwa onse owamva ankakhala mudzi umodzi, ndipo wowaphwanya ankachita manyazi pa bwalo. Lero mboni zija zamwazikana. Mmodzi ali ku Lusaka, wina ku Cape Town, wina anamwalira. Chikumbumtima cha mudzi chimene chinkasunga mawu a womwalira chafooka, ndipo pepala likungogwira ntchito imene mudzi unkagwira. Nkhanga zinapangana kusanapse. Wolemba wilo akupangana ndi ana ake moto usanafike.

Kulemba wilo sikovutanso monga ambiri amaganizira. Ku Malawi ndi ku Zambia chachikulu n'chakuti ikhale yolembedwa, mwini wake akhale woganiza bwino, asayine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, ndipo mbonizo zisayinenso iye akuona. Mboni zisakhale anthu amene alandirepo kanthu, ndipo zisakhale akazi kapena amuna a olandirawo. Ilembedwe m'chilankhulo chimene mwini wake amachimva bwino, ndipo ngati pakufunika ya Chingerezi, ziwirizo ziyendere limodzi. Ku Mozambique njira yake ndi ina, pakuti wilo imadutsa ku ofesi yotsimikizira zikalata, choncho abale a kumeneko afunse kaye. Ubwino waukulu wa wilo ndi wakuti imagwira ntchito mwini wake atamwalira basi. Akadali moyo angathe kuisintha kapena kuing'amba, ndipo nyumba imakhalabe yake mpaka tsiku lomaliza. Dziwaninso kuti wilo si chida cholangira banja. Ikasiya pa mtetete mkazi kapena ana ofunika thandizo, khoti lili ndi mphamvu yolowererapo.

Zonsezi zikukhudza kwambiri nyumba za m'tauni ndi malo okhala ndi zikalata. Malo a kumudzi ali ndi nkhani yawoyawo, ndipo okalamba ambiri ali kumeneko. Kwa ife a chikamwini, munda umayenda ndi mbumba. Bambo amene anakhala zaka 50 kwa mkazi wake, namanga nyumba ya malata ndi kudzala mitengo ya mango, angathe kusudzulidwa mkazi akamwalira, n'kubwerera kumudzi kumene amene ankamudziwa anatha kale. Mayi wa chitengwa amaona zomwezo mwamuna akatsogola. Mwambo unali ndi njira zake zochitira chifundo anthu otere, koma malo atachepa chifundocho chachepanso. Ndipo tisabise mawu: gogo akakhalitsa pa munda umene achinyamata akuusirira, dzina lakuti mfiti silichedwa kutuluka, ngakhale kuti ku Malawi lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire.

Apa malamulo a maiko athu akusiyana. Lamulo la ku Zambia la 1989 lija silikhudza malo a mafumu, kotero munda wa ku Katete umagawidwa potsata mwambo. Ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho, malinga ndi lamulo la malo la 1997, ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, umene amautcha DUAT, ndipo ufuluwo ana angathe kuulowa. Ku Malawi lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo a kumudzi m'dzina la munthu kapena la banja, kudzera m'makomiti otsogozedwa ndi a gulupu, momwe mwa anthu 6 osankhidwa, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Kulembetsaku kungateteze okalamba, koma kungawapwetekenso. Tsiku lolemba maina likafika, amene amathamangira kutsogolo ndi mdzukulu wodziwa kuwerenga, ndipo dzina lolowa m'kaundula limakhala lake. Munda umene unali wa mbumba yonse umasanduka wa munthu mmodzi, ndipo ngozi ija ya mawu akuti mwini yafika ndi kumudzi komwe. Amene muli ndi makolo kumudzi, funsani kuti m'kaundula mwalowa dzina la yani.

Ndilankhuleko ndi inu amene muli kunja. Ambiri mumatumiza ndalama kuti kumudzi kapena ku tauni kumangidwe nyumba. Nthawi zambiri imamangidwa pa malo a amayi, kapena pa puloti yogulidwa m'dzina la mchimwene chifukwa ndiye anali pafupi. Inu mumati nyumbayo ndi yanu popeza ndalama inali yanu. Amayi amati ndi yawo popeza mwana anawamangira. Mchimwene amati ndi yake popeza dzina ndi lake ndipo ndiye anapsa ndi dzuwa poyang'anira amisiri. Aliyense mwa atatuwa akunena zoona m'chilankhulo chathu, koma khoti lidzayamba layang'ana pepala. Lembani mgwirizano lero, mukadali okondana, ndipo sungani umboni wa ndalama zimene mumatumiza. Abale a ku Zimbabwe, amene agogo anu anachoka ku Nyasaland kapena ku Tete kukagwira ntchito, napeza nyumba ku Mbare, Highfield kapena Mabvuku, kaoneni ngati nyumbayo sikali m'dzina la munthu amene anamwalira kalekale. Mbadwo uliwonse umene ukudutsa dzina lisanakonzedwe umachulukitsa anthu oyenera kuvomereza, ndipo ena a iwo simudziwana n'komwe.

Palinso kalata ija yopatsa munthu mphamvu yochita zinthu m'malo mwa wina, imene ana amakonda kusayinitsa makolo kuti aziwatengera ndalama ku banki kapena kuwasainira za malo. Ndi yothandiza pamene miyendo yafooka, koma ikalembedwa mosasamala imapatsa mwana mphamvu yogulitsa nyumba. Itchule ntchito zenizeni zimene munthuyo waloledwa kuchita, ndipo inene poyera kuti kugulitsa kapena kupereka chikole sikuli m'gulumo. Kalata yotere imatha mphamvu mwini wake akangomwalira, ndiye singalowe m'malo mwa wilo. Ku South Africa imathanso mphamvu mwini wake akasiya kuzindikira bwino zinthu, nthawi yomwe banja limaifunitsitsa. Ichi n'chifukwa china chokonzera zinthu kholo likadali ndi nzeru zake zonse, pakuti pepala losayinidwa ndi munthu amene wayamba kuiwalaiwala ndi losavuta kulitsutsa ku khoti, ndipo limasiya chidani pakati pa ana.

Sindikukana kuti nthawi zina kusintha dzina kholo likadali moyo kumakhala koyenera. Kholo lokhala ndi malo angapo lingathe kugawira ana ena mwa malowo, n'kutsala ndi pokhala ndi podyera. Mwamuna ndi mkazi angathe kulembetsa nyumba m'maina a onse awiri, mwa njira yakuti mmodzi akamwalira yonse itsale ndi mnzake, ndipo ichi chimatseka pakamwa abale obwera ndi galimoto aja. Ngati banja laumirira ndithu kuti nyumba ipite m'dzina la mwana, ufulu wa kholo wokhalamo ndi kulandira lendi mpaka imfa ulembedwe, ndipo loya aone njira yoti udziwike ku kaundula wa malo, kuti wogula kapena wobwereketsa ndalama aliyense aupeze. Koposa zonse, womasulira pepala asakhale wolandira. Akhale munthu wapadera, amene adzafunse gogoyo funso limodzi m'mawu osazungulira: "Kodi mukudziwa kuti mukadinda apa, mwana wanu angathe kugulitsa nyumbayi mawa osakufunsani?" Agogo anga akanafunsidwa funso limeneli, chala chawo sichikanafika pa inki.

Za ndalama ya loya ndikuzidziwa. Komabe ku Malawi kuli Legal Aid Bureau, ku Zambia kuli Legal Aid Board, ku Mozambique kuli IPAJ, ndipo onsewa anakhazikitsidwa kuti athandize anthu osowa. Ngakhale kulipira loya tsiku limodzi n'kotchipa poyerekeza ndi mlandu wa zaka zisanu, kapena ndi nyumba yotayika.

Chotsala ndi chimene chimativuta koposa, ndicho kuyamba nkhaniyi. Mwana akaiyamba amaoneka ngati akuwerengera masiku a kholo lake. Kholo likaiyamba, ana amati, "Amayi, musalankhule zimenezo, mukadali nafe." Ndiye tonse timakhala chete mwaulemu, mpaka mmodzi wolimba mtima adzafike yekha ndi mapepala pamene ena kulibe. Chinsinsi ndicho chimabala mikangano yambiri ya chuma cha masiye. Wilo ingathe kusungidwa mosamala kwa loya kapena kwina kodalirika, koma mfundo zake zikuluzikulu kholo lizinene lokha, ana onse alipo, a kunja ali pa foni, pamodzi ndi munthu wamkulu wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Wodandaula adandaule kholo likadali moyo kuti limuyankhe. Pa maliro palibe amene angafunse womwalira kuti ankatanthauza chiyani.

Ife a zaka za m'ma 20 ndi 30 ndife amene timawerengera makolo athu mapepala. Akatiitana kuti, "Tandiwerengere apa," amaika nyumba yawo m'kamwa mwathu. Tisafewetse mawu pofuna kuti asayine msanga. Pamene pepala likuti kupatsa, tinene kuti kupatsa, ndipo tifotokoze kuti n'kupatsa kosabweza. Mayi anga, ataona zimene zinagwera mayi awo, analemba wilo yawo chaka chatha, m'Chichewa, natiitana tonse kuti timve. Panali kung'ung'udza pang'ono, mlongo wanga sanalankhule masiku awiri, kenaka zinatha. Nyumba ikadali m'dzina lawo, ndipo makiyi ali pa chitenje chawo.

Ndikufuna kumva kwa inu, makamaka a ku Zambia ndi ku Mozambique: kwanuko gogo akamati "nyumbayi ndakusiyira," banja limamva kuti chiyani, ndipo mafumu amaweruza bwanji mawu amenewa akafika pa bwalo?